Chikuto Chili Kuno, Chimbale Chili ku Mchinji

Ana inu, bwezerani chikutocho pamene mwachitenga. Tadala, ndakuona ukuchikutumula ngati mugwa maswiti. Mulibe kanthu m'menemo, ndipo sikuti wina anaba. Chimbale chake cha nyimbo chili ku Mchinji, ngati chikadalipo, ndipo chinapita kumeneko amayi anu asanabadwe. Agogo anu aamuna, a Sakala, anasunga chikuto chopanda kanthucho mpaka tsiku limene anatisiya, ndiye inu musachisandutse chokupizira mphepo. Khalani pansi ndikuuzeni. Mayamiko, chotsa tomvera nyimbo tako m'makutumo. Ukandiyankha m'Chingerezi palibe mlandu, ndinazolowera, koma makutu okha undibwereke.

Ine kuno sindinabwere ndi madigiri ngati anthu amene mumawaona kutchalitchi masiku ano. Ndinabwera kudzalera ana a eni. Ndinkagwira ntchito m'nyumba ya a Msiska ku Lilongwe, ndipo bambowo atapeza ntchito kubanki ina yaikulu mu Washington, mayi Msiska anati sakwera ndege popanda ine. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ulendo wake ndimaukumbukira ndi nsapato. Anandigulira zatsopano zothina, ndipo ndinaoloka nyanja yonse ija nditazivula pansi pa mpando, potsika mapazi atatupa, zikukana kulowa. Ku Amereka ndinalowa zidendene zili panja.

Tinafikira ku Fairfax, kumene kapinga anali wambiri kuposa anthu. Ambiri amaganiza kuti chimene chimamuvuta mlendo kuno ndi chisanu. Chisanu umavala juzi n'kuthana nacho. Ine chinandivuta ndi bata. Utuluka panja masanasana, osaona munthu woyenda pansi, osamva tambala, osamva mwana akulira kwa aneba, ngati mudzi wonse wapita kumaliro n'kukuiwala iwe wekha. Ndipo mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: mapepala anga okhalira m'dziko muno anali omangirira kwa a Msiska. Iwo akakhala, ine ndikhala. Iwo akanyamuka, ine ndimanga katundu.

Lamulungu ndilo linali tsiku langa. Mapemphero akatha, ife a ku Malawi ndi a ku Zambia tinkatsikira m'chipinda chapansi cha tchalitchi kukamwa tiyi ndi kufunsana kuti ndani wabwera kuchokera kumudzi, wabweretsa chiyani. Tinali ochepa. Munthu wobwera ndi kajumbo ka usipa ankapeza abale amene sanawadziwepo. Inu lero mumakagula chilichonse kusitolo ya Aafirika, n'kubwera kudzakwinya mphuno kuti nyumba ikununkha nsomba. Ife fungo limenelo tinkalitsekera mazenera kuti lisathawe.

M'chipinda chimenecho ndi mmene ndinawaona agogo anu koyamba. Inu munawadziwa ali ndi dazi ndi kamimba. Nthawi imeneyo anali oonda ngati bango, tsitsi lalikulu ngati avundikira dengu, buluku lotambalala m'munsi lomasesa pansi.

"Muli bwanji, asisi?" anatero. "Namvela ati ndimwe ba ku Mchinji. Ise ndise ba ku Katete, koma nakulila mu Lusaka. Ni pafupi chabe, tingayende na njinga."

Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ndinati Chichewa chanji chimenechi chodula michira? Iwo anati chathu ndiye chotalika ngati ulaliki. Tinakangana tsiku loyamba lomwelo, ndipo mkangano umenewo sunathe zaka zonse zimene tinakhala limodzi.

Ankagwira ntchito mu ofesi ya bungwe lina lothandiza mayiko osauka, ndipo ankachita lendi kachipinda pamwamba pa nyumba ina ku Columbia Heights. Musaganize za malo a masitolo owala amene mumakagulako nsapato zanu zodulazo. Nthawi imeneyo masitolo ambiri anali opsa, mazenera okhomedwa matabwa, ndipo kuti ufikeko kuchokera ku Fairfax unkasintha mabasi mpaka miyendo kuuma. Ndinkapitako ndi mnzanga wa kutchalitchi, osati ndekha, Tadala, usandiyang'ane choncho. M'chipindamo munali bedi, mpando, ketulo, ndi galamafoni yamagetsi imene inali ndi kampango kakekake kopukutira. Zimbale zinalipo zingapo, koma chimodzi chokha ndicho chinkakhala pamwamba.

Muzidziwa kuti masiku amenewo dziko lonse linali litapenga ndi disiko. M'basi, m'sitolo, paukwati, kulikonse nyimbo zake zinali zodzaza malipenga, mavayolini, atsikana oyankhira, ndi timakina tolira mawu amene chamoyo chilichonse sichilira. Zinali zosalala ngati zasitidwa. Ine ndinkazikonda, sindinama, ndinkavina ndikukolopa kukhitchini kwa a Msiska. Ndiye pakati pa zonsezo kunatuluka chimbale ichi. Anyamata anayi mukuwaona pachikutowa: magitala awiri, besi, ng'oma, basi. Dzina lawo werengani nokha, lilime langa silinalolepo kulitchula. Akuti analowa m'chipinda chimodzi, n'kuimba onse pamodzi ngati mmene ankaimbira akale amene anayambitsa rokenirolo, n'kutuluka. Sanabwerere kukasalaza chilichonse. Ukatchera khutu unkamva woimba ng'oma akuwerenga asanayambe, mpando ukulira, wina akutsokomola, ndipo pakati pa nyimbo ziwiri botolo linkagwa pansi n'kugubuduka, wina n'kuseka chikhakhali.

Tsiku loyamba kuchimva ndinati, "Achimwene, awa ndi oimba kapena okhoma zidebe a mumsika?"

"Imwe, mvelani bwino," anatero. "Apa palibe chobisa. Iyi ni gitala, iyi ni besi, izi ni ng'oma. Munthu akalakwa, muzamvela. Zija za disiko ni mafuta chabe, mukapukuta simuzapeza munthu."

Anandiuza kuti ali mwana ku Lusaka anakhoma gitala ya chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, ndiponso kuti anyamata a m'komboni mwawo ankaimba zofananako m'maholo, zida zosakwanira, chokuzira mawu chimodzi chogawana. Ankati chimbalecho chimawafikitsa kwawo kuposa kalata iliyonse. Azungu anayi amene Afirika sanamupondepo! Ndinkawaseka, koma pang'onopang'ono khutu langa linazolowera. Zili ngati nsomba yowamba yothira mchere wokha. Poyamba umafunafuna tomato ndi anyezi, kenako umazindikira kuti ukumva nsomba yeniyeniyo. Zanu za masiku anozi, zimene kompyuta imawongola mawu a munthu mpaka osadziwika kuti ndi mwamuna kapena mkazi, agogo anu akanazitcha chiyani kaya.

Patapita nthawi anandifunsira. Ndinavomera ndi mtima wonse, koma ndinawauza kuti kuvomera kwanga sikukwanira. Kwathu mwana wamkazi sadzikwatitsa yekha, ndipo wogamula si bambo ayi, ndi malume, mlongo wa amayi. Anga anali a Yesaya, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pachabe, amene ankatha kukubweza pakhomo la tchalitchi chifukwa cha mpango wopendekeka. Ndiwo anandilera bambo anga atamwalira, ndipo kasukulu kamene ndinaphunzirako ndi thukuta lawo. Ndinawatumizira uthenga, ndipo yankho linabwera lakuti: popeza nkhope yake sitingaione, atitumizire mawu ake timve kuti ndi munthu wotani. Tikakhutira, akwawo a ku Katete abwere tidzakambe za chinkhoswe.

Apa ndiyenera kukufotokozerani za kaseti, inu amene mumaonana ndi abale a ku Mchinji pafoni muli chigonere pabedi. Kumudzi kwathu kunalibe lamya. Amayi anga sankawerenga, ndipo kalata yowerengeredwa ndi munthu wina imafika itachepa. Ndiye tinkajambula mawu pakaseti n'kudikira munthu wopita kumudzi. Ukamva kuti uje akupita mwezi wamawa, unkayamba kumupatsa moni wokoma. Kaseti ikafika kumudzi sinkakhala ya munthu mmodzi. Ankayala mphasa, kuitana abale, kuika wailesi pampando, mabatire atawayanika kaye padzuwa kuti apezeko mphamvu. Wailesi ikaitafuna, ankaikulunga ndi pensulo n'kupitiriza. Aliyense ankamva zonse, ndipo mawa lake mudzi wonse unkadziwa kuti ku Amereka wadwala chimfine ndani.

Agogo anu anajambula kaseti yawo Loweruka lina masana, ali okha, ndipo Lamulungu anaipereka kwa wapaulendo atamata kale. Sanandimvetse, sanafunse munthu. Safunsa anadya phula. Zimene zinachitika m'chipindamo anandiuza pambuyo pake. Munthu amene pakamwa pake sipankatseka, atangodina batani lofiira mawu anathawa. Akati ayambe, lilime kumangika. Chipinda chili zii, akungomva mtima wawo ndi chitsulo chotenthetsa nyumba chikugogoda. Ndiye anati aike chimbale chija chapansipansi, chiwalimbitse mtima. Chinawalimbitsadi. Analankhula bwino, mwaulemu, anatchula makolo awo, mfunda wawo, ntchito yawo, mpingo wawo. Chimene sanaone n'chakuti kawailesi kojambulirako kanali pafupi ndi sipika kuposa pakamwa pawo.

Yankho linabwera kunja kutayamba kutentha. Ndinalimvera kukhitchini kwa a Msiska, ana ali kusukulu. Amalume anayamba ndi moni wonse, za zokolola, za odwala, za nkhuku zimene zinatha ndi chitopa. Kenako anakonza pakhosi.

"Mwana wa mlongo wanga, munthu wakoyo tamumva. Ndinaitana akuluakulu anzanga a mpingo kuti tidzamve limodzi, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Tamva magitala. Tamva wina akutsokomola. Tamva botolo likugwa, anzake n'kuseka. Ife ndife akumudzi, koma bawa timalidziwa kulira kwake. Munthu wofunsira mbeta ali pamowa, ana ako adzawalerera kuti? Nkhani imeneyi yatha. Mabwana ako akamabwera, ubwere nawo."

Ndinakhala pansi penipeni, pafupi ndi firiji. Mawu otsirizawo sanali ongoopseza. Ntchito ya bambo Msiska inali kutha chaka chomwecho, ndipo anali atanena kale kuti Khirisimasi tikadyera ku Malawi. Popanda ukwati ndinalibe njira yotsalira. Ndikanakwera ndegeyo, ine ndi a Sakala tikanathera pomwepo, chifukwa ulendo wa kuno sunali wobwereza kwa munthu ngati ine.

Lamulungu ndinawakokera panja pa tchalitchi. Ndinakwiya, ana inu, ndinakwiya kwambiri. Munthu amene mowa ankaulawa pa Khirisimasi pokha, n'kuyamba kusinza botolo lisanathe, lero watchuka mudzi wonse kuti ndi chidakwa chifukwa cha azungu ake okhoma zidebe.

"Manje nizachita bwanji?" anatero. "Nijambule ina, yopanda nyimbo."

Ndinati, "Adzati mwadikira mowa ukuthereni m'mutu."

Kenako ananena mawu amene anatsala pang'ono kuthetsa chibwenzi pomwepo. "Kuno ni ku Amereka. Tingayende chabe ku khoti, tisaine, finish. Palibe azafunsa za amalume."

Ndinati, "A Sakala, ine si nkhuku yotola pamsewu. Ndili ndi kwathu. Mukanditenga choncho, tsiku limene tidzayambane ndidzakadandaula kwa yani? Tsiku limene ndidzamwalire adzandilira ndani?"

Ndinawasiya ataima pomwepo ndi tsitsi lawolo. Amayi anu pokwatiwa anangobwera ndi bambo anu patsiku la Thanksgiving n'kuti, "Mom, this is him." Sindikudandaula, bambo anu ndi munthu wabwino, amadya zimene wapatsidwa. Ndikungonena kuti ife tinakula mwina.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ankamva m'mimba ndinali ine. Nzeru inandibwerera ndikusita malaya a bambo Msiska. Ndinaona kuti amalume sananame: zimene anamvazo anamvadi. Vuto linali lakuti nyimbo zojambulidwa zimene ankazidziwa iwo, za makwaya ndi za pawailesi, zinali zoyera, zopanda chifuwa cha munthu. Akamva botolo likugwa sakanaganiza kuti lagwera m'chimbale. Kuwafotokozera sikukanathandiza. Kuwajambulira nyimbozo pakaseti ina sikukanathandizanso, akanati mwabwerera kubawa komweko. Koma chimbale chimapangidwa kufakitale. Palibe chidakwa cha ku Katete chimene chingatsokomolere m'chimbale.

Mwayi unalipo umodzi. Mayi Msiska ankapita kumudzi miyezi yotentha ija kukakonza nyumba ndi kukapezera ana malo a sukulu. Koma kuwapempha kunali kovuta, chifukwa iwo ankafuna kuti ndibwerere nawo. Mwana wawo wamng'ono sankadya ndikapanda kumudyetsa ine. Ndinagwada pabalaza n'kuwauza zonse. Iwo anandifunsa kuti:

"Ukudziwa kuti ukundituma kukadzilanda ndekha wantchito?"

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndipo munthu wake ndi wa tsitsi uja?"

"Adzameta, amayi."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso. "Muuze abweretse chimbalecho."

Agogo anu anachibweretsa atachikumbatira ngati akukasiya mwana kuchipatala. Za kukhoti zija sanazitchulenso, anapepesa, ndipo ine ndinachita ngati sindinamve kuti apepesenso. Nditayang'ana chikutocho ndinati ichi ndiye sichipita. Taonani nokha: amuna anayi, tsitsi mpaka m'mapewa, wina ndudu ili pakamwa, wina malaya osamanga mabatani. Amalume akanaona izi sakanafikanso pomvera. Ndinasolola chimbalecho, kuchiika pakati pa makatoni awiri, kukulunga ndi chitenje changa chabwino. N'chifukwa chake chikuto chinatsala kuno. Mayi Msiska anachinyamula pamiyendo ulendo wonse, kuopa kuti m'sutikesi chisweka.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo sanadikirepo kaseti. Bambo Msiska anayamba kubweretsa makatoni, ine n'kumalongedza mbale za eni ndi zovala za ana, kasutikesi kanga kali pakona, osadziwa ngati ndikatsegule kapena ayi. Agogo anu anameta tsitsi lija osauzidwa ndi munthu, n'kuoneka ngati nkhuku yososola. Lamulungu tinkakhala moyandikana, tiyi n'kuzizira m'manja, osanena zambiri. M'chipinda chawo munali zii, ati zimbale zinazo sizikukoma. Pambuyo pake, titagula nyumba ino ku Bowie, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndinkawauza kuti gulani china, m'masitolo zili mbwee. Ankakana. Ankati, "Changa chiliko, chili chabe patali." Nyimbozo anazipeza pakaseti ya m'galimoto, ndipo amayi anu anakula akuzimva popita kusukulu, zala zili m'makutu. Ukuti chiyani, Tadala? "So what happened?" Dekha, ndikubwera komweko.

Mayi Msiska anabwera masamba atayamba kufiira. Anati ndiitane a Sakala kunyumba Loweruka, ndipo asanatulutse kaseti anatikhazika pabalaza n'kutifotokozera zimene anaona. Ku Mchinji anapita okha, pagalimoto ya achimwene awo. Amalume poyamba anakana ngakhale kumasula chitenjecho, ati nkhani inatha. Mayi Msiska anawauza kuti, "Abambo, chinthuchi ndachokera nacho kutali. Mumve kaye, mukapeza kuti ndine wabodza mundithamangitse." Pamudzi panalibe galamafoni. Anapita kwa mwini golosale wina pamsika amene anali ndi yake ya mabatire, ndipo amalume anatenga akuluakulu a mpingo omwe aja, ati amene anaona manyazi anga aonenso izi.

Anayamba ndi kaseti ya agogo anu, mpaka pamene botolo likugwa. Anaimitsa. Anaika chimbale. Anthu amene anabwera kudzagula sopo ndi mchere anaunjikana pakhonde. Chifuwa chija chinamveka. Botolo linagwa, linagubuduka, munthu uja anaseka, chimodzimodzi ngati pakaseti. Amalume anati bwezani. Mwini golosale anabweza singano. Botolo linagwanso.

"Ndiye azungu ndi nzeru zawo zonse analephera kuchotsa chifuwa cha munthu?" anafunsa amalume.

Mayi Msiska anati, "Anachisiya dala, abambo. Akuti anthu amve mmene zinalili."

"Dala," anatero amalume.

Anamvetsera chimbale chikuzungulira mpaka mbali yonse inatha. Mayi Msiska analumbira kuti anaona phazi lawo likugunda pansi, koma ine zimenezo sindinazione, musakanene kuti ndanena ine. Pomaliza anachikulunga okha m'chitenje n'kuchiika kukhwapa. Ati chikhala kwa iwo ngati umboni, wina angadzayambitsenso nkhaniyi.

Atamaliza kufotokoza, mayi Msiska anaika kaseti m'wailesi. Agogo anu anali atakhala m'mphepete mwa mpando, manja pakati pa mawondo. Amalume anayambanso ndi moni wonse, za kutentha, za odwala, za mlatho wothyoka. Ndinkafuna kulowa m'wailesimo kuti ndiwafulumize.

"Nkhani ija taiunikanso. Tapeza kuti wa botolo ndi mzungu wa m'chimbale, osati munthu wako. Ine ndinafulumira. Komabe umuuze kuti polankhula ndi akuluakulu azizimitsa zoimbaimba. Akwawo a ku Katete abwere, atipeza."

Agogo anu anaimirira, anakhala, anaimiriranso, n'kukagwira dzanja la bambo Msiska ngati ndiwo avomera. Ine ndinaimba nthungululu m'nyumba ya ku Fairfax mpaka galu wa aneba anauwa. Ndinali nditapambana, ana inu. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse wailesi, koma mayi Msiska anandigwira mkono. Anati, "Dikira, sinathe." Iwo okha ndi amene sankaseka.

Kunamveka phokoso la wailesi ikusunthidwa, wina akunena kuti lankhulani apa, pafupi. Kenako mawu a amayi anga. Pamakaseti onse ankangopereka moni n'kusiyira amalume, koma tsiku limenelo analankhula.

"Nabanda, mwana wanga, ndamva kuti zatheka. Ndakondwa. Ine ndinkati ukabwera ndi mabwana ako udzakwatiwa konkuno, mkamwini adzamange pafupi ndi ine monga timachitira. Ndinakusungira malo kuseri kwa nkhokwe, ndipo zaka zonsezi sindinalole munthu kulimapo. Ndiye poti mwamunayo ntchito yake ili komweko, ndamuuza mlongo wako agaule, tidzalepo mtedza mvula ikagwa. Usadandaule. Uzivala zofunda."

Kaseti inapitiriza kuzungulira yopanda mawu, ndipo palibe amene anadzuka kukaizimitsa. Miyezi yonseyo ndinkamenyera kutsala ndi a Sakala, ndipo sindinakhalepo pansi n'kuganiza kuti wotsala kuno sapita kwawo. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Sindinong'oneza bondo ayi. Agogo anu anali mwamuna wabwino, ndipo popanda zimenezo inu simukanakhala pano. Chinkhoswe chinachitika ku Mchinji ife kulibe, ukwati tinamangitsa kuno, a Msiska anakwera ndege popanda ine. Ndinkati ndipita chaka chamawa. Kenako kunabwera mimba, kenako kudikira mapepala, kenako chaka china. Pamene ndinakafika ku Mchinji, amayi anu ali kumsana, amayi anga anali atagona kale kumanda. Mlongo wanga ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Mtedza unali utakhwima, ndiye ndinamutsitsa mwana n'kupempha khasu.